Ndiwo zopanda mchere

Linali Lachinayi, nthawi ili 1 koloko masana, pamene apongozi anga aakazi anandiimitsa pakhonde napisa chala m'mbale ya nyemba imene ndinkapita nayo kwa amuna anga. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa wailesi ya m'nyumba yoyandikana nafe inali itangoitchula kumene. Ananyambita chalacho, kenako analavula malovu pafupi ndi phazi langa.

"Mchere uli kuti?"

Ndinangoyang'ana pansi. Ine ndinabadwa wamanyazi. Kusukulu aphunzitsi akandiloza ndinkalira, ndipo nditalekeza mu Sitandade 4 anthu anaganiza kuti ndi mutu umene unakanika, koma chinali chinthu chomwechi. Mawu ndimakhala nawo, koma akafika pakhosi amabwerera.

Kwathu ndi ku Champiti. Ndinatengedwa chitengwa kupita kumudzi wa amuna anga kufupi ndi Tsangano, kumene kumazizira mpaka zala kukanika kumanga mfundo ya chitenje. Amuna angawo ankalima kachewere. Matumba ena ankagulitsa pa Tsangano pomwepo, ena ankapita nawo ku Lizulu mitengo ikakwera. Sanali munthu woipa. Sankandimenya, mowa ankangolawa pa Khirisimasi, ndipo pochokera kumsika ankanditengera banzi. Tinali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene nthawi imeneyo anali atangoyamba kukwawa. Pabwalo lomwelo panali nyumba ya amayi awo, amasiye, ndi mlongo wawo wosakwatiwa, alamu anga, amene anafika Fomu 2 ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo.

Matenda anayamba titatha kukumba kachewere wa dzinja. Poyamba kunali kutopa chabe. Kenako maso awo anasanduka achikasu, nsapato zinakana kulowa, mimba inayamba kukula pamene manja ndi nkhope zikuwonda. Lamba anamusiya, buluku ankamanga ndi luzi. Ana a pamudzi ankanong'onezana kuti abambo aja ali ndi pakati.

Pamudzipo matenda amenewa sanali achilendo. Achimwene awo aakulu anamwalira chimodzimodzi ine ndisanabwere, ndipo mlandu wake unagwera mkazi wawo. Lamulo la mchere aliyense amalidziwa. Mkazi akakhala kumwezi, kapena akayenda ndi mwamuna wina, amakhala wotentha, ndipo sathira mchere m'ndiwo. Amapempha wina kuti amuthirire. Akathira yekha, wodya ndiwozo amatupa mapazi ndi mimba, ndiye timati mdulo. Mayi uja anamunena kuti anadula mwamuna wake, anamuthamangitsa maliro asanathe n'komwe, ndipo ankagulitsa tomato pamsika wa Tsangano. Ine nkhaniyo ndinaikhulupirira yonse. Ndikamuona pamsika ndinkadutsa mzere wina, tomato n'kukagula kwa ena.

Choncho amuna anga atayamba kutupa, ndinadziwa kumene maso a anthu akupita. Palibe ananena kanthu poyera. Apongozi anangoyamba kubwera kukhitchini kwanga popanda chifukwa, n'kumafunsa kuti tsiku lakuti ndinachedwa chifukwa chiyani kuchigayo, ndipo mnyamata wokonza njinga uja anandipatsa moni kangati. Anabweretsa mizu ya kwa sing'anga kawiri. Mimba inangopitirira kukula. Lamlungu lina amuna anga anakanika kupuma atagona chagada, ndiye Lolemba m'mawa ndinabereka mwana, ndinawagwira mkono, tinakakwera matola kupita kuchipatala cha pa Boma. Apongozi sanatiperekeze. Anati, "Za m'nyumba sizichira ndi jakisoni."

Kuchipatala adokotala anawagoneka, anagogoda mimba ndi zala, anawatsegula zikope, n'kunena kuti ndi chiwindi. Anawagoneka m'wodi. Madzulo ake anawabaya singano yaikulu m'mbali mwa mimba ndi kulumikiza kapaipi, ndipo madzi achikasu anayamba kutsikira m'ndowa. Ndowayo ndinakataya ndine. Inali yolemera ngati ndikuchokera kumjigo.

Lachiwiri kunabwera anamwino ena, osati a m'wodimo, mayi wachikulire wovala sikipa yolembedwa kumsana. Anatipempha kuti tipite kukachipinda ka kuseri. Anatipatsa mipando, chinthu chimene pachipatala sichichitikachitika, natiuza kuti iwo ndi a kafukufuku wa matenda a chiwindi. Anafunsa kuti timalima chiyani.

"Kachewere," anatero amuna anga.

"Ndiye mumvetsa msanga, bambo. Kachewere akamafota m'munda, masamba amaoneka chimodzimodzi. Koma wina wafota ndi chiwawu, wina mbozi zamudya pansi, wina madzi amuchulukira. Si choncho?"

"Ndi choncho."

"Chiwindinso. Wina chimaonongeka ndi mowa, wina ndi likodzo, wina ndi chuku cha mu mtedza kapena chimanga chosungidwa chonyowa, wina ndi kachirombo kolowa m'magazi. Wina ndi khansa. Onsewo amabwera kuno ndi mimba yotupa ndi maso achikasu. Kuti tidziwe bwinobwino, nthawi zina pamafunika kudulako kachidutswa ka chiwindicho, ndipo zimenezo kuno n'zovuta. Ndiye ife tikufufuza ngati magazi okha angatiuze kuti uyu ndi wa mtundu uwu, uyo ndi wa mtundu uwo, osakumba mbewu."

Ananenanso mosabisa kuti kafukufukuyo sawachiritsa amuna anga, adzathandiza ena m'tsogolo, ndipo tikhoza kukana. Ine za ena a m'tsogolo sizinandikhudze. Chimene ndinamva n'choti magazi akhoza kutchula chimene chikudwalitsa munthu. Ndinafuna kufunsa ngati mdulo umaonekanso m'magazimo, koma funsolo linabwerera pakhosi.

Amuna anga anavomera, anasaina. Anamwinowo anati ngati ndikufuna, nanenso andiyeze. Dzina langa ndinkatha kulemba, koma pang'onopang'ono, ndipo anthu awiri ankandiyang'ana, ndiye ndinapereka chala chachikulu, anachidinda pa inki n'kuchikanikiza papepala. Anatenga timabotolo titatu kwa amuna anga, titatunso kwa ine. Pa kabotolo kalikonse anamatapo kapepala ka manambala.

"Dzina lanu silipita kulikonse, mayi," anatero akumwetulira. "Ngakhale kutauni kumene magaziwa akupita, akaona nambala basi. Timasunga chinsinsi chanu."

Ndinathokoza. Ndikakumbukira kuti ndinathokoza, mpaka lero ndimadziluma lilime.

Kabotolo kamodzi anayeza pomwepo. Masana anatiitananso. Amuna anga anawapeza ndi kachirombo ka chiwindi kaja, ine sanandipeze nako. Anaona khadi la sikelo la mwana, anati katemera wake ali bwino. Kenako anafunsa ngati m'banjamo munadwalapo wina chonchi. Amuna anga anayang'ana kumbali.

"Achimwene awo," ndinatero.

Amuna anga anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Anamwinowo anagwedeza mutu. Anati kachiromboka nthawi zambiri kamalowa munthu ali wamng'ono, mwina kuchokera kwa mayi ake pobadwa, mwina kwa ana anzake, mwina lezala limodzi lometera kapena lotemera mphini, ndipo kamakhala phee zaka zambiri kakudya chiwindi. Anati zingakhale bwino apongozi ndi alamu anga abwere adzayezetse. Za amuna anga analemba m'buku lawo la kuchipatala. Ine langa ndinalisiya kunyumba, pakuti ndinapita ngati gadiyani, ndiye anandipatsa kapepala kakang'ono kokhala ndi nambala yanga ija ndi mawu awiri achizungu. Ndinakapinda, ndinakamanga pa mfundo ya chitenje.

Potitulutsa Lachitatu, adokotala anapereka mapiritsi okodzetsa nandiyang'ana ineyo.

"Ophika ndinu, mayi? Mchere ayi. Osati pang'ono, osati wongolawitsa. Mchere umasunga madzi m'thupi. Mukathira, ndowa ija mudzaitayanso sabata yamawa."

Pa matola pobwerera, titakhala pamwamba pa matumba a feteleza, amuna anga anayandikiza pakamwa kukhutu kwanga.

"Za amayi zija usakanene. Ukangotsegula pakamwa, ndiye kuti wanena kuti amayi anapha mwana wawo."

"Nanga za mchere?"

"Zimenezo ndikawauza ndekha."

Tinafika dzuwa litapendeka. Alamu anga anatichingamira, analandira chikwama, kenako maso awo anagwera pa dzanja langa. Inki inali itatsalira m'mbali mwa chikhadabo.

"Aa, alamu, mwavotera ndani? Chisankho chachitika ife osamva?"

Anaseka, nanenso ndinaseka pang'ono. Amuna anga analowa m'nyumba n'kugona. Sanauze munthu chilichonse.

Ndiye tsiku lotsatira lake ndi Lachinayi lija, ine nditaima pakhonde ndi mbale ya nyemba, malovu a apongozi ali pafupi ndi phazi langa.

"Ndakufunsa, mtengwa iwe. Mchere uli kuti? Watha? Bwanji osadzapempha?"

"Ulipo, amayi."

"Ulipo. Uli kumwezi?"

"Ayi."

"Suli kumwezi, mchere ulipo, koma dzanja lako likuuopa." Anatembenukira kunyumba yawo. "Iwe, tabwera udzamve! Anthu inu, bwerani mudzaone! Wadziulula yekha lero!"

"Akuchipatala ndi amene aletsa," ndinatero, koma mawu anga anali aang'ono ngati a mwana.

"Chipatala chiti chimaletsa mchere? Ndi mbuzi yomwe imanyambita mchere! Wakhala ukumuthirira mwana wanga uli wotentha mpaka watupa, lero waona kuti afa, mantha akugwira. Tikuchidziwa chimenechi. Mnzako ujanso anayamba chonchi."

Wailesi ija inazimitsidwa. Amayi a nyumba zoyandikana anatuluka, ena mithiko ili m'manja. Alamu anathamangira kudimba kukaitana amalume awo, amene analinso nkhoswe ya ukwati wathu. Anabwera matope ali m'miyendo, anakhala pa mtondo wogwetsa, anandiuza kuti ndikhale pansi. Mwana anali kumsana kwanga. Mbale ya nyemba anaiika pakati. Amuna anga anali chapafupi pomwepo, atagona pamphasa padzuwa, atafunda bulangete mpaka m'khosi.

"Afunseni eni akewo," ndinatero. "Analipo pamene adokotala ankanena."

Amalume anatembenuka. "Mphwanga, wamva zimene akunena akaziwa?"

Amuna anga anayang'ana amayi awo. Kenako anayang'ana nkhuku imene inkapalasa pafupi ndi nkhokwe.

"Ine mutu ukundiwawa, amalume. Za kukhitchini sindizidziwa."

Pa zonse zimene zinanenedwa tsiku lija, mawu amene sindinakhululuke ndi amenewa. Apongozi ankalankhula zimene ankakhulupirira. Alamu ankasangalala ndi phokoso, ndi mmene analili. Koma munthu amene ndinamutayira ndowa, amene anamva ndi makutu ake, anasankha kuyang'ana nkhuku.

Apongozi analowa m'nyumba mwawo, anatuluka ndi mchere pa chivundikiro cha poto, anauika patsogolo panga.

"Nkhaniyi ndi yaifupi, mtengwa," anatero amalume. Ankalankhula mofatsa, ngati akundithandiza. "Ngati uli wozizira, tapa mcherewu, thira m'ndiwomu, amuna ako adye ife tikuona. Ukatero aliyense abwerere ku ntchito yake. Ine madzi ndawasiya akuyenda kudimba."

Ndinatapa. Ndinaugwira ndi zala zitatu pamwamba pa mbale. Mchere wa tsiku limodzi sukanawapha, ndinkadziwa. Koma mawa akanabweranso kudzalawa, ndi mkuja, ndipo mimba ija ikanadzazanso. Ikadzaza akanati chiyani? Akanati anathira ali wotentha, tinamuona tonse ndi maso athu. Ndikapanda kuthira, ndavomera. Ndikathira, ndadula. Pamene ndinaona kuti njira zonse ziwiri zikukathera pamsika wa Tsangano, pambali pa mayi wa tomato uja, ndinabweza mcherewo pa chivundikiro n'kupukuta zala pa chitenje.

Amayi aja anati "Hii!" onse pamodzi.

Ndinamasula mfundo, ndinatulutsa kapepala kaja, ndinakapereka kwa amalume ndi manja awiri.

"Anandiyeza magazi. Matenda ali mwa iwowa ine ndilibe. Zalembedwa apo."

Amalume anakatembenuza uku ndi uku, anakapereka kwa alamu. Alamu anaimirira kuti awerenge, anakatalikitsa ndi maso ngati mphunzitsi.

"Dzina lili pati?"

"Sanalembe dzina. Amalemba nambala."

"Nambala! Alamu, mwasanduka galimoto?" Anthu anaseka. "Pepala lopanda dzina ndi la aliyense. Ili mwatola pansi kuchipatala, kapena akupatsani abwenzi anuwo. Amalume, palibe dzina lawo apa, palibe la achimwene, palibe mawu akuti mdulo, palibe mawu akuti mchere." Kenako anandigwira dzanja nalikweza m'mwamba. "Koma ichi ndiye chilipo. Taonani chala. Ndimayesa nthabwala dzulo. Mwadinda chiyani?"

"Za kafukufuku."

"Anatenga magazi angati?"

"Timabotolo titatu."

"Apita nawo kuti?"

"Kutauni."

Apongozi anaika manja kumutu. "Mayo ine! Munthu alibe magazi, zikhatho zayera, iwe kukamupereka kwa anamapopa! Kumudula sikunakukwane, wakamugulitsanso!"

Apa ndi pamene chinthu chija chimene chimatseka pakhosi panga chinatseguka. Sindikudziwa kuti chinatseguka bwanji. Ndinangomva mawu anga akutuluka aakulu, ndipo mwana kumsana anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

"Magaziwo anapereka okha, anasaina okha, buku lawo lili m'nyumbamo, kaliwerengeni, muli dzina! Ndipo magaziwo anena. Matendawa si anga. Ine ndinawapeza pano. Anati mwana amawatenga kwa mayi ake pobadwa. Achimwene awo anafa nawo, mkazi wa eni munamuthamangitsa popanda chifukwa. Anati inuyo, amayi, ndi inuyo, alamu, mupite mukayezetse. Pitani mukapereke anuwo magazi tione ngati ali oyera ngati anga!"

Anamwino aja anati mwina kwa mayi, mwina kwa ana anzake, mwina lezala. Ine zina zonsezo ndinazisiya dala. Ndinasankha chimodzi chimene ndinadziwa kuti chilasa, ndipo chinalasadi. Sindikunena kuti ndinachita bwino. Ndikungonena zimene ndinachita.

Apongozi anatsitsa manja pang'onopang'ono.

"Ukuti mwana wanga woyamba ndinamupha ndine?"

Anadzimenya pachifuwa.

"Ndinamubereka m'munda, ndekha, mvula ikugwa. Ndinamuyamwitsa chaka cha njala ine ndikudya gaga. Iwe wabwera dzana ndi kachikwama ka pulasitiki, ukuti ndinamupha ndine?"

Pamenepo amuna anga anadzuka. Anatsamira chigongono, anandiyang'ana, ndipo mutu uja unali utasiya kuwawa.

"Ndinakuuza chiyani pa galimoto?"

Mawu awo onse anali amenewo. Anagonanso.

Amalume anaimirira, anasasa kumbuyo kwa buluku. Anati nkhani ya mchere ikanatha kukambidwa, koma kutukwana mayi wobereka pamaso pa anthu ndi mlandu wina. Anati kukacha ndinyamuke ndipite kwathu, ankhoswe a kwathu akabwere okha. Aliyense pamenepo anadziwa tanthauzo lake. Buku la kuchipatala palibe anakalitenga. Linali pansi pa pilo, masitepe asanu kuchokera pamene alamu anaima, ndipo alamu amene ankakonda kuwerengera anthu makalata sanasunthe phazi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Apongozi anatenga chivundikiro chija, anathira mchere m'nyemba ndi dzanja lawo, kawiri, anatakasa ndi chala. Anakakhala pamphasa n'kuyamba kudyetsa mwana wawo ngati khanda. Iye anadya. Ine ndikuona, anadya mpaka mbale kuyera. Kapepala kanga alamu anali atakaponya pansi. Ndinakatola, ndinakapukuta, ndinakamanganso pa mfundo.

Madzulo amenewo palibe analowa m'khitchini mwanga. Ndinalongedza zovala zanga ndi za mwana, poto mmodzi amene anandipatsa amayi anga, ndi khadi la sikelo.

Zimene zinatsatira ndizinena mwachidule, pakuti sindinazione ndi maso. Ankhoswe a kwathu anapita kawiri, anabwerako ndi mawu akuti ndikapepese ndi kuulula dzina la mwamuna amene ankati ndinayenda naye. Ndinalibe dzina loti ndiulule. Amuna anga anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Uthenga unandipeza atayikidwa kale. Apongozi ndi alamu sanapite kukayezetsa, ndipo ndikumva kuti alamu tsopano ali ndi ana awiri. Mpaka lero kumudzi kuja ndine mkazi amene anaopa mchere.

A kafukufuku nawonso sindiwayamikira. Patapita miyezi ndinapita pa Boma ndi mwana, ndinazungulira kuseri kukafuna kachipinda kaja kuti andilembere dzina pa kapepala kanga, ndiponso kuti ndimve zimene timabotolo tiwiri tija tinakanena kutauni. Ndinapeza muli makatoni ndi zokolopera. Mlonda anati anthu aja anamaliza ntchito yawo anapita. Mwina anaipeza njira yawo yosiyanitsira matenda, mwina ena a m'tsogolo aja akuthandizidwa. Zabwino zonse. Iwo ankadziwa mitundu isanu ya matenda a chiwindi, koma sanadziwe chimene chimachitika kwa mkazi wa kuno akaphika ndiwo zopanda mchere, ndipo sanafunse. Adokotala aja akanangolemba mzere umodzi m'Chichewa, kuti mayi uyu tamuletsa ndife, n'kudindapo chidindo. Anasunga chinsinsi changa bwino kwambiri, mpaka ine mwini wake kulephera kuchigwiritsa ntchito.

Lachisanu lija ndinadzuka kukuyera kumene, udzu uli mbuu ndi chisanu. Ndinakoleza moto, ndinaphika phala lopanda mchere, ndinaliika pa mpando pafupi ndi mutu wa amuna anga pamodzi ndi mapiritsi awo. Anali maso, koma anatembenukira kukhoma. Sindinatsanzike. Ndinabereka mwana, ndinasenza katundu, ndinadutsa pakhomo pa apongozi chitseko chili chotseka, ngakhale utsi unkatuluka padenga.

Pa Tsangano ndinafika anthu akuyala malonda. Matola a ku Boma anali asanabwere. Mayi wa tomato uja anali pamalo pake, atagwada, akuunjika tomato anayi pansi, mmodzi pamwamba. Ndinadutsa kamodzi. Ndinabwerera. Ndinatula katundu patsogolo pake.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Anandiyang'ana, anayang'ana mtolo wanga ndi poto, n'kuseka kamodzi kudzera m'mphuno.

"Lero wandiona? Nawenso akupatsa ulendo?"

"Eya."

"Mchere?"

"Mchere."

Ndinagwada, ndinamuuza zonse, za timabotolo, za kachirombo, za zimene anamwino ananena za abale a mimba imodzi. Ulendo uno sindinasiye kanthu, ndi za lezala zomwe ndinanena. Ndinamasula mfundo n'kumuonetsa kapepala. Sanakagwire. Anapitiriza kuunjika tomato.

"Zaka zinayi ndakhala pano, anthu akundilozerana ndi milomo, iwe mmodzi wa iwo. Lero ukundibweretsera nambala. Ndichite nayo chiyani? Ndiphikire ana?"

"Ndimangofuna mudziwe kuti simunali inu."

"Ndimadziwa kale. Ndinalipo."

Ndinamanganso kapepalako. Ndinagwira mtolo kuti ndisenze. Iye anakoka thumba lopanda kanthu kumbuyo kwake, analikung'untha, naliponya pambali pake osandiyang'ana.

"Khala apo. Galimoto imachedwa Lachisanu. Ndipo mufunditse mwanayo, sukuona mphepoyi?"

Ndinakhala pathumbapo, ndinamasula mwana, ndinamufunditsa, n'kuyamba kumuyamwitsa.